Mbiri ya Kujambula Nyimbo Pagulu ku Chipata ndi ku Mwami

Kujambula nyimbo pamene zikuimbidwa pagulu, kaya pabwalo la gule, m'tchalitchi kapena pa dansi ya bandi, kunafika m'dera la Chipata ndi Mwami m'nthawi ya atsamunda. Poyamba inali ntchito ya alendo ochepa oyenda ndi makina odzaza galimoto. Kenako inakhala ya antchito a nyumba youlutsira mawu, pambuyo pake ya munthu aliyense wokhala ndi wayilesi ya kaseti, ndipo lero ili m'manja mwa aliyense amene ali ndi foni. Makina asintha kangapo, koma khalidwe limene anthu amayembekezera kwa wojambula ndi lakale kuposa makina onsewo. Linachokera ku malamulo a pabwalo, amene maziko ake ndi akuti nyimbo ndi gule zili ndi eni ake, ndipo wodzaonerera ndi mlendo wa eniwo.

Dera ndi magule ake

Chipata, likulu la chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, ankatchedwa Fort Jameson, ndipo mpaka mu 1911 ndiye anali likulu la North-Eastern Rhodesia. Mwami ali pa malire ndi boma la Mchinji la ku Malawi. Kumeneko kuli chipata cha malire ndiponso mishoni ya Seventh-day Adventist, imene chipatala chake chinayamba mu 1927. Malirewo anadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi ndi magule ofanana, choncho nyimbo yotchuka ku Mchinji sichedwa kumveka ku Chipata, ndipo ya ku Chipata sichedwa kumveka ku Mchinji.

M'derali muli Angoni a Mpezeni, Achewa a Kalonga Gawa Undi, Ansenga ndi Akunda, ndiponso Atumbuka chakumpoto. Magule awo ndi monga ngoma, chimtali, chitelele, nsongwe, vimbuza ndi gule wamkulu. Amishoni anawonjezerapo makwaya: a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero mu 1899, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Kachebere mu 1903. M'tauni munadzabwera mabandi a magitala. Motero malo oimbira pagulu ndi atatu: bwalo la m'mudzi, tchalitchi, ndi holo kapena bala.

Malamulo a pabwalo makina asanabwere

Gule sankachitika popanda mwini. Pakati pa Achewa, mphamvu yovinitsa gule wamkulu ili ndi mfumu ya mzinda. Atsabwalo ndiwo amasungitsa dongosolo, ndipo akunjira amatsogolera zilombo kuchokera ku dambwe. Oimba ng'oma ali ndi malo awo, amayi othirira mang'ombe ndi kuomba m'manja ali ndi awo, ndipo owonerera amazungulira m'mbali. Kudutsa pakati pa ng'oma ndi wovina kunali kulakwa kwakukulu, chifukwa woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovinayo kuti ng'oma igwirizane ndi kaponde kake. Womutchinga amawononga gule wa anthu onse.

Mlendo ankayamba waonekera kwa mfumu asanakhale pabwalo. Munthu akakondwera ndi kavinidwe ankalowa mwaulemu, kufupa, n'kubwerera pamalo pake. Chilombo sachipatsa ndalama m'manja, amaziika pansi. Panalinso zinthu zosayenera kutuluka kunja: za ku dambwe ndi za amuna olowa okha, ndipo za m'tsimba la chinamwali ndi za anamkungwi ndi amayi ovinidwa. Woulula ankaimbidwa mlandu ndi kulipa. Achinyamata akasirira gule wa mudzi wina ankapita kukaphunzira kwa eni ake ndi kuwathokoza ndi kangachepe.

Mwa zimenezi mukuoneka malamulo anayi: kupempha, kudziwa malo oima, kufupa, ndi kusunga chinsinsi. Mikangano yambiri ya kujambula imene yachitika m'zaka zotsatira imabwerera ku limodzi mwa malamulo amenewa.

Makina oyamba ndi wayilesi ya ku Lusaka

Anthu a kuno anayamba kumva nyimbo zojambulidwa kudzera m'magalamafoni amene ankabwera ndi anthu ochokera ku ntchito ku migodi ya Copperbelt, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Kusintha kwakukulu kunadza ndi wayilesi. Boma linayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, ndipo nkhondo yachiwiri itatha nyumbayo inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, youlutsira Aafirika a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, kunabwera kawayilesi kotchipa ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, kamtengo wa mapaundi 5. Omvera atachuluka, nyimbo za kumudzi zinafunika zambiri, ndipo nyumbayo inkatumiza galimoto zojambulira m'maboma.

Mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi anali Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 ndi kumwalira mu 1978. Asanalowe ntchito ya wayilesi anagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, amene anazungulira maiko ambiri a kuno akujambula nyimbo, ndipo mu 1954 Tracey anakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa. Tracey anajambula ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1950. Ankagwira maikolofoni m'manja n'kumayenda nayo pakati pa oimba, injini ya magetsi ataiika patali kuti phokoso lake lisalowe. Ankalemba dzina la woimba, malo ndi chilankhulo cha nyimbo, ndipo akatha kujambula ankaseweretsa nyimboyo kuti eni ake adzimve. Mu 1961 John Blacking ndi Raymond Apthorpe anajambula nyimbo za Ansenga ku Petauke, kuphatikizapo za kalimba, ndipo kampani ya Folkways ya ku New York inazitulutsa pa zimbale.

Ntchito ya anthu amenewa inasunga nyimbo zimene zikanatayika, komanso inali ndi mbali yosautsa. Nthawi zambiri chilolezo chinkadzera kwa bwana DC ndi mfumu, moti woimba wamba analibe mpata weniweni wokana. Gule wa usiku wonse ankadulidwa kuti akwane mphindi zitatu za mbale ya galamafoni. Oimba ankalandira kamphatso ka tsikulo, osadziwa kuti mawu awo akafika kuti. Nkhani ya Solomon Linda wa ku South Africa imasonyeza kukula kwa vutoli: anajambulitsa nyimbo ya Mbube kwa Gallo mu 1939 pa malipiro ochepa kwambiri, nyimboyo inalemeretsa anthu a kunja, ndipo banja lake linadzapeza chilungamo mu 2006, iye atamwalira kalekale.

Kukayikirana kunakula pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 anthu akuchikana. Popeza wayilesi inali ya boma, kunabuka mphekesera zoti antchito ake ndi opopa magazi, otchedwa banyama. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa nyumbayo, anafotokoza zimenezi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi la mu 1959. Ojambula anaphunzira kuti anthu amayamba aona amene watuma munthu ndi cholinga chake asanamulole kutenga mawu awo.

Nyengo ya kaseti

Zambia italandira ufulu mu 1964, nyimbo za m'dziko zinapatsidwa ulemu watsopano. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zochuluka kwambiri pa wayilesi zikhale za m'Zambia momwemo. Makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anatulutsa zimbale zambiri, ndipo oimba monga Paul Ngozi anatchuka ndi nyimbo za Chinyanja. Komabe kujambula kunali kudakali m'manja mwa wayilesi ndi makampani.

Chimene chinapereka mphamvuyo kwa owonerera ndi kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963. Mawayilesi a kaseti atafala, munthu ankatha kufika nayo pa ukwati, pa chikondwerero cha makwaya, pa msonkhano wa misasa kapena pa dansi, kudina batani lofiira, n'kubwerera kunyumba ndi nyimbo. Makwaya ankagwiritsa ntchito matepi otere pophunzira nyimbo za anzawo, ndipo a pa ntchito ku Lusaka ndi ku migodi ankatumizidwa makaseti a nyimbo za kwawo. Kamaikolofoni ka wayilesi yotere kankagwira bwino mawu apafupi okha, choncho mwini wake ankafuna kuiika kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi ng'oma kapena ndi zokuzira mawu. Apa lamulo lakale la malo oima linakhudza makina: wayilesi inkayenera kuikidwa pamene eni gule alola, ndipo mwini wake sankayenera kulowalowa m'bwalo kukatembenuza kaseti nyimbo ili mkati.

Nyengo yomweyo miyambo ikuluikulu inadzukanso. Nc'wala, imene inaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, inayambiranso mu 1980 ndipo imachitikira ku Mtenguleni kumapeto kwa February. Kulamba, kumene atsamunda analetsa mu 1934, kunayambiranso mu 1984 ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo kumachitika kumapeto kwa August. Miyamboyi imasonkhanitsa anthu zikwizikwi ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza onse anali ku Mkaika. Magule amene kale ankaonedwa ndi mudzi umodzi anayamba kuvinidwa pamaso pa makamera ambiri, ndipo makomiti okonza miyambo anayamba kusiyanitsa atolankhani ololedwa kuyandikira ndi khamu loonera kumbali.

Gule wamkulu ndi malire a chinsinsi

Palibe gule amene wavutitsa ojambula ngati gule wamkulu. Kwa zaka zambiri amishoni analimbana naye, ndipo zimenezi zinapangitsa eni ake kusamala kwambiri ndi alendo ofunsafunsa. Chooneka pabwalo masana ndi cha anthu onse, ndipo chimajambulidwa mfumu ndi akuluakulu a gule akalola. Zoletsedwa ndi kutsatira zilombo ku dambwe kapena ku manda, kujambula pokonzekera, ndi kuonetsa kapena kutchula munthu mogwirizanitsa ndi chilombo. Pa chikhulupiriro cha Achewa, chovina pabwalo ndi mzimu, ndipo chithunzi chotsutsa zimenezi chimanyoza mudzi wonse ndi makolo ake.

Ofufuza amene anadalirika ndi amene anatsata njira ya eni ake. Kenji Yoshida wa ku Japan, amene anayamba kukhala pakati pa Achewa a chigawo cha Kum'mawa mu 1984, analowa gule monga mwa mwambo asanalembe za zigoba ndi chinsinsi chake. Mapopa Mtonga wa pa University of Zambia anaphunzira za guleyu kwa zaka zambiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ulemu umenewu unachulukitsa alendo ndi makamera, koma sunachotse mphamvu ya mwini mzinda yonena zojambulidwa ndi zosajambulidwa. Chimodzimodzinso chinamwali: tsiku lotulutsa anamwali ndi la pagulu, koma malangizo a m'tsimba sajambulidwa.

Kukopera, malonda ndi lamulo

Kaseti inabweretsanso vuto la kukopera. Chuma cha Zambia chitalowa pansi chifukwa cha kugwa kwa mtengo wa kopa, makampani a zimbale anafooka, ndipo misika inadzaza ndi makaseti okopera. Pambuyo pake panabwera ma CD ndi ma DVD, kenako timashopu tobena nyimbo pa kompyuta ndi kuziika m'mafulashi ndi m'makadi a foni. Pokhala pa malire, dera la Mwami linali njira ya nyimbo za mbali zonse ziwiri. Oimba a ku Malawi monga Lucius Banda, Black Missionaries ndi Skeffa Chimoto ali ndi owakonda ambiri kuno, ndipo kutchuka kwawo kunayenda kwambiri kudzera m'nyimbo zopatsirana, zimene sizinkawabweretsera ndalama.

Maboma anayankha ndi malamulo. Ku Malawi bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992. Ku Zambia nyumba ya malamulo inavomereza Copyright and Performance Rights Act mu 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS limatolera ndalama za opeka nyimbo. Lamulo limeneli limazindikira ufulu wa wopeka nyimbo ndiponso wa woimba pagulu, kotero kugulitsa kapena kuulutsa zojambulidwa pa dansi popanda chilolezo cha woimbayo ndi kulakwa. Pa dziko lonse, pangano la ku Rome la mu 1961 ndi la TRIPS la mu 1994 amatetezanso oimba kwa owajambula mobisa. Mu 2016 Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza nzeru ndi miyambo ya makolo, limene limafuna kuti wochita malonda ndi magule ndi nyimbo za makolo ayambe wapeza chilolezo cha eni ake ndi kugawana nawo phindu. Apa lamulo lolembedwa linavomereza zimene bwalo linkadziwa kale: kupempha ndi kufupa.

Mawayilesi a ku Chipata

Boma litalola mawayilesi oima paokha m'zaka za m'ma 1990, ku Chipata kunatsegulidwa Radio Maria ya Akatolika, ndipo mu 2002 Mike Daka anayambitsa Breeze FM. Mawayilesi amenewa anafupikitsa mtunda pakati pa wojambula ndi wojambulidwa. Kwaya yojambulidwa lero inkadzimva pa wayilesi posachedwa, ndipo wojambula wolakwitsa ankakumana ndi olakwiridwawo pamsika. Muulutsi wotchuka wa Breeze FM, Gogo Breeze, ankayenda m'midzi ndi kamakina kojambulira mawu, ndipo anthu ankamuuza zakukhosi monga adzukulu kwa agogo awo. Harri Englund analemba buku lonena za ntchito yake mu 2018. Chitsanzo chake chinasonyeza kuti anthu salola kujambulidwa chifukwa cha ubwino wa makina, koma chifukwa chodziwa kuti wojambulayo adzabweranso ndipo adzayankha pa zimene waulutsa.

Nyengo ya foni ndi khalidwe loyenera

Mafoni a kamera atafala, pafupifupi wowonerera aliyense anasanduka wojambula, ndipo chojambulidwa ku Mtenguleni masana chimakhala chitafika ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg dzuwa lisanalowe, kudzera pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Zimenezi zathandiza oimba ena. Giddes Chalamanda wa ku Malawi, wobadwa mu 1930, anadziwika m'maiko ambiri ali wokalamba chifukwa cha kanema amene anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020. Koma kanemayo anajambulidwa iye akudziwa ndiponso atalola, ndipo kusiyana kwake ndi kanema wojambulidwa mobisa kuli pomwepo.

Khalidwe loyenera lero limayamba ndi kupempha. Pa gule wa m'mudzi amapempha kwa mfumu kapena atsabwalo, m'tchalitchi kwa abusa, akulu a mpingo kapena mtsogoleri wa kwaya, pa ukwati ndi pa maliro kwa eni banja, ndipo pa dansi ya bandi kwa okonza kapena kwa oimba eni ake. Tikiti ya pakhomo imagula mwayi woonera, sigula nyimboyo. Kakanema kafupi kachikumbutso oimba ambiri amakalola, chifukwa kamawalengezetsa, koma kuulutsa dansi yonse pa intaneti pamene ena alipira pakhomo kumadyera oimba masuku pamutu.

Chachiwiri ndi malo. Wojambula salowa m'bwalo, saima pakati pa ng'oma ndi wovina, sakwera pa nsanja ya bandi osaitanidwa, ndipo sakweza foni motchinga anthu a kumbuyo nthawi yaitali. Usiku sawalitsa tochi ya foni m'maso mwa woimba. Pamaso pa mafumu amavula chipewa ndi kunjuta kapena kugwada monga achitira ena, ngakhale ali ndi kamera. Pa Nc'wala, pamene impi zikuvina ngoma ndi zishango ndi nthungo, ndiponso pamene Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ikulandira magazi a ng'ombe yakuda, malo a aliyense amakhala okonzedweratu. Wofuna mawu omveka bwino sauza anthu kuti akhale chete, pakuti nthungululu, m'manja ndi kuthirira mang'ombe ndi mbali ya nyimboyo. Iye ndiye amakhala chete ndi kufuna malo abwino msanga.

Chachitatu ndi ulemu wa anthu ojambulidwa. Wodwala amene akuvina vimbuza ali pa mankhwala, ndipo namfedwa amene akulira pa siwa sali pa chionetsero. Ana sajambulidwa ndi kumwazidwa pa intaneti makolo osadziwa. Woimba akalakwitsa, akagwa kapena chovala chikamuvuta, munthu wakhalidwe amafufuta gawolo. M'tchalitchi nthawi ya pemphero foni imatsitsidwa.

Chachinayi ndi kubweza. Wojambula amafupa monga owonerera ena, amatchula dzina la gulu, mudzi ndi mwambo pamene akugawira ena, ndipo amapatsako eni ake zimene wajambula. Sagulitsa, ndipo akapeza phindu amakumbukira oimba, pakuti kupatsa n'kuika.

Kufanana ndi maiko ena

Malamulo ofanana ndi amenewa anabadwanso kwina. Lionel Mapleson anajambula oimba pa Metropolitan Opera ku New York kuyambira mu 1901, ndipo Dean Benedetti anajambula Charlie Parker m'makalabu mu 1947 ndi 1948. Zojambula zawo lero ndi chuma cha mbiri ya nyimbo. Mu 1984 bandi ya Grateful Dead ya ku America inapatula malo a ojambula kumbuyo kwa makina oyendetsera mawu. Mwambo wa kumeneko unali wakuti matepi azisinthanitsidwa kwaulere osagulitsidwa, ndiponso kuti ojambula asasokoneze owonerera anzawo. Oimba ena a masiku ano amaletseratu mafoni pa madansi awo. Kulola kapena kuletsa, mawu omaliza amakhala a woimba.

Kusunga zojambulidwa

Phindu lokhalitsa la kujambula pagulu ndi kusunga mbiri. Magulu ambiri a chimtali, oimba kalimba ndi makwaya a m'midzi sanalowepo mu situdiyo, ndipo mawu awo atsala m'makaseti a m'mabokosi a mabanja okha. Makaseti amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo makadi a foni amatayika kapena kufufutika. International Library of African Music, imene kuyambira mu 1978 ili pa Rhodes University, yasamutsira nyimbo za Tracey pa kompyuta ndipo yakhala ikubweza zina kwa mabanja ndi madera amene zinachokera. Kubwezako kumatheka chifukwa maina ndi malo zinalembedwa pa tsiku lojambula. Pa chifukwa chomwecho, wojambula wa lero amene amalemba dzina la gulu, mtsogoleri wake, mudzi, mwambo ndi tsiku, n'kusunga zojambulazo m'malo oposa amodzi eni ake akudziwa, amathandiza kuti ana a oimbawo adzathe kuzipeza ndi kuzindikira kuti ndi zawo.